Helemeti yodula yotsegula kuchibwano: maganizo anga kwa okwera njinga a mu Harare

Abale anga okwera njinga zamoto muno mu Harare, funso lija loti kodi helemeti yodula yotsegula kuchibwano ndi yoyenera ndalama zake likungobwerabwera, ndiye ndati ndiliyankhe kamodzi. Ndikunena mahelemeti aja mbali ya chibwano imanyamuka n'kukakhala pamwamba pa mphumi, amene m'mashopu amawatchula kuti modular kapena flip-up, makamaka odula ngati Shoei Neotec 3, Schuberth C5, AGV Tourmodular ndi HJC RPHA 91. Ine ndikuti ndalama zake zimabwerera kwa munthu woyenda maulendo ataliatali amene amatseka chibwano nthawi zonse njinga ikamayenda. Koma amene akuigula kuti azipitidwa kamphepo kumaso akamatsika Seke Road, ameneyo walipira madola mazanamazana kugula chipewa cha theka.

Nkhani yonse yagona pa chibwanocho. Kafukufuku wa Dietmar Otte wa ku Hannover ku Germany, yemwe anafufuza malo amene mahelemeti amagunda pa ngozi, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kugunda konse limagwera mbali ya chibwano ndi nsagwada. N'zomveka: munthu akagwa pa njinga amapita chakutsogolo, ndipo nkhope ndi imene imayamba kupeza phula. Pa helemeti yotseka yonse, chibwano ndi chigoba ndi chinthu chimodzi. Pa yotsegulayi ndi zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi mahinji awiri pafupi ndi makutu komanso loko. Choncho mphamvu yake yonse ili pa lokoyo.

Musanafunse mtengo, tembenuzani lamba wa pakhosi muwerenge kansalu kosokedwa pamenepo. Muona chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo. Nambalayo ndi ya dziko limene linavomereza helemetiyo: E1 ndi Germany, E2 ndi France, E3 ndi Italy. Pansi pake pali manambala oyamba ndi 05 kapena 06, kusonyeza muyezo woyesera chitetezo cha mahelemeti wa ECE 22.05 kapena watsopano wa ECE 22.06, umene umayesanso kugunda kopendekera komwe kumapotokola mutu. Kenako pamabwera chilembo chimene anthu ambiri sachiyang'ana n'komwe. P ndiye kuti chibwano chinayesedwa ndipo chimateteza. NP ndiye kuti chibwanocho chingotchinga mphepo basi, sichinavomerezedwe ngati chitetezo. J ndi helemeti yopanda chibwano. Zonse ziwiri P ndi J zikalembedwa, ndiye kuti inayesedwa yotseka komanso yotsegula.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ena a inu. Mumati popeza yanga ili ndi P ndi J, ndikhoza kuyenda chibwano chili m'mwamba. Malinga ndi muyezo, inde. Koma J sakutanthauza kuti nkhope yanu yatetezedwa. Akungonena kuti ikakhala yotsegula imateteza mofanana ndi helemeti yopanda chibwano, kutanthauza kuti mano, mphuno ndi nsagwada zili pamtetete. Kuwonjezera apo, chibwano chokwezedwa chimakola mphepo ngati tanga ya bwato. Mukangopitirira makilomita 60 pa ola chimakokera mutu kumbuyo, ndipo mukagwa chikhoza kukodwa pansi n'kupotokola khosi. Pali mitundu ngati LS2 Advant ndi Shark Evo-GT imene chibwano chake chimazungulira mpaka kunkhongo, ndiye vuto la mphepo limachepa, koma nkhope ili poyera chimodzimodzi.

Nanga kutsegulako kuli ndi ntchito yanji? Ilipo, ndipo si yochepa. Mukaima pa roadblock, wapolisi amaona nkhope yanu musanavule chilichonse. Pomwetsa mafuta mumalankhula ndi womwetsa osakuwa. Ovala magalasi a maso amavala ndi kuvula helemeti osapinda miyendo ya magalasi. Ndipo amene mumapita kumudzi pa njinga, makilomita pafupifupi 240 kukafika pa Nyamapanda, kenako kudutsa ku Tete kotentha kuja mpaka Zobue ndi Mwanza, pafupifupi 600 kukalowa mu Blantyre, mukudziwa ubwino wake womwa madzi uli chiimire m'mbali mwa msewu popanda kumasula lamba, kuvula magolovesi ndi kusaka poika helemeti. Phindu lonseli limabwera njinga itaima.

Tsopano lokoyo. M'kati mwa chigoba, mbali zonse ziwiri, muli timisomali tachitsulo. M'chibwano muli tingowe timene timakola timisomalito, ndipo batani la pakati limakoka tingowe tonse tiwiri nthawi imodzi. Pa mahelemeti odula zonsezi zimakhala zachitsulo. Pa otchipa nthawi zambiri pamakhala pulasitiki imene imaperepeseka. Vuto lofala, ngakhale pa odula, ndi loti mbali imodzi yokha ndiyo yakola. Zimachitika mukatsitsa chibwano ndi dzanja limodzi mutachigwira chakumbali, kapena kansalu ka pansi pa chibwano kakapanikizika pakati. Mumamva kuti "kwa" kamodzi n'kuganiza kuti mwatseka. Gwirani pakati, tsitsani mwamphamvu, kenako kankhirani chibwano m'mwamba ndi chala chachikulu osakhudza batani. Chikasuntha ngakhale pang'ono mbali imodzi, tsegulani mutsekenso. Ndi masekondi awiri okha, koma muzichita nthawi iliyonse. Bungwe la SHARP la boma la Britain, poyesa mahelemeti otsegula, limalembanso kuchuluka kwa maulendo amene chibwano chinakhala chotsekeka pogundidwa, ndipo si onse amafika 100 pa 100. Ngati mtundu umene mukuufuna anauyesa, kaoneni nambala imeneyo musanatulutse ndalama.

Fumbi lathu ndi mdani wa lokoyu. Opanga mahelemetiwa ali ku Japan, Germany, Italy ndi South Korea, ndipo sanaganizire za munthu woyenda tsiku lililonse m'misewu ya ku Epworth kapena Hopley mu Seputembala. Fumbi likalowa m'mahinji limakhala ngati sandipepala, batani limayamba kulimba ndipo tingowe sitibwerera bwinobwino. Kamodzi pa mwezi m'chilimwe, chotsani galasi lakutsogolo, tsukani mahinji ndi tingowe ndi mswachi wakale woviika m'madzi ofunda, dikirani ziume, kenako donthezani kadontho kamodzi ka mafuta a silicone. Girisi wa njinga ayi, oyilo wa injini ayi. Amakola fumbi lambiri ndipo ena amawononga pulasitiki. Shoei amaika kabotolo ka silicone m'bokosi momwemo ka mphira wozungulira galasi. Musakataye. Mphirayo ikauma imayamba kulowetsa madzi, ndipo mudzazindikira pa mvula ya mu Januwale madontho akutsikira m'kati mwa galasi.

Za kulemera ndinene mwachidule. Mahelemeti awa amalemera pakati pa kilogalamu 1.6 ndi 1.8, pomwe yotseka yonse yabwino imakhala cha m'ma 1.4 kapena 1.5. Pa sikelo kusiyanako n'kochepa, koma pakhosi mukamadumpha maenje kwa maola anayi kumamveka. Sabata ziwiri zoyambirira khosi limadandaula, kenako limazolowera.

Phokoso nalo anthu amanamizidwa. Mzere umene chibwano chimakumanirana ndi chigoba umadutsa pafupi ndi khutu, ndiye mphepo imapeza polowera. Odulawa amayesetsa ndithu ndi mphira komanso kansalu kothina kozungulira khosi, ndipo mbali imeneyi Schuberth ndi Shoei amaposa otchipa kutali. Komabe pa makilomita 120 pa ola mumsewu wa Masvingo palibe helemeti yachete. Phokoso lambiri limachokera pansi, pakhosi, komanso ku galasi lotchinga mphepo la njinga yanu ngati likuponyera mphepo pachibwano penipeni. Yesani kuimirira pang'ono pa zopondera muli pa liwiro lochepa pamsewu wopanda magalimoto: phokoso likachepa, vuto ndi galasi la njinga, osati helemeti. Ndipo musanaganize zogula chipangizo cholankhulirana, SRL3 ya Neotec 3 kapena SC2 ya C5, zomwe zonse imapanga kampani ya Sena ndipo mtengo wake ungagule helemeti ina yabwino, gulani kaye timasiponji totsekera m'makutu ku famase. Hutala ya kombi (minibasi) mumaimva bwinobwino, chimene chimachepa ndi mkokomo wa mphepo umene umagonthetsa makutu pang'onopang'ono.

Chimene chimapweteka ambiri kuno ndi saizi, chifukwa mahelemeti otere ambiri timachita kuitanitsa ku Johannesburg kapena kutumiziridwa ndi achibale a ku UK, osayesa. Tengani tepi ya telala, zungulizani mutu masentimita awiri pamwamba pa nsidze, kudutsa pamwamba pa makutu ndi pamene nkhongo yatukuka kwambiri. Masentimita 57 mpaka 58 nthawi zambiri ndi M, 59 mpaka 60 ndi L. Koma nambala siuza zonse. Mitu ina ndi yobulungira, ina ndi yaitali chakutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kampani iliyonse ili ndi chikombole chake. Ngati mnzanu ali ndi mtundu umene mukuufuna, m'bwerekeni muvale mphindi 30 muli khale. Mukavula, yang'anani pagalasi. Chidindo chimodzi pakati pa mphumi chimene chikuwawa chikutanthauza kuti chigobacho n'chobulungira kuposa mutu wanu, ndipo sichidzasintha ngakhale mutavala chaka. Kuthina pamasaya kokha si vuto. Yatsopano iyenera kukanikiza masaya mpaka muzimva ngati muluma m'kati mwa tsaya mukamalankhula, chifukwa masiponjiwo amaphwa pakapita milungu ingapo. Makampani akuluakulu amagulitsanso masiponji a masaya okhuthala mosiyanasiyana, ndiye mukhoza kukonza pamenepo osasintha helemeti yonse.

Msampha wa yotsegula ndi woti imavalika mosavuta chibwano chili m'mwamba, choncho munthu amavala yaikulu osazindikira. Mangani lamba, tsekani chibwano, gwirani kunkhongo kwa helemeti ndi manja awiri n'kukokera kutsogolo mwamphamvu ngati mukufuna kuivula. Ikafika potsala pang'ono kuvuka, si yanu. Lamba wa mano-mano uja, wongolowetsa n'kumva "tete-tete", amamasuka pang'onopang'ono pa chingwe chake. Pakati pa lamba ndi khosi pazilowa chala chimodzi kapena ziwiri basi.

M'mawa wa mu Juni ndi Julayi, potuluka ku Mabvuku kapena Mufakose cha m'ma 5 koloko, galasi limachita nthunzi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakweza chibwano ali pa liwiro. Mankhwala ake ndi Pinlock, kagalasi kachiwiri kofewa kamene kamakhala m'kati mwa galasi lalikulu, kogwidwa ndi timisomali tiwiri tapulasitiki. Mahelemeti odula amabwera nako m'bokosi, koma ambiri sakaika n'komwe. Chotsani galasi, liwongoleni pang'ono, lowetsani kagalasiko mbali ya mphira itayang'ana ku galasi lalikulu, kenako matulani kapepala kotetezera. Nthunzi ikamalowa pakati pa awiriwo ndiye kuti kakhwepa. Timisomali tija tili ndi mbali yonenepa ndi yowonda, ndipo mukatitembenuza pang'ono kagalasiko kamathina. Musakapukute ndi nsalu yokhakhala, kamakandika msanga kwambiri, ndipo usiku mikwingwirimayo imamwaza kuwala kwa magalimoto obwera kutsogolo.

Ngumbi za mvula yoyamba zikaphwanyikira pagalasi, musazipale ndi chikhadabo kapena golovesi. Yalani kansalu konyowa pamwamba pake mphindi zisanu, zimachoka zokha. Madzi ofunda ndi sopo wofewa, basi. Petulo, thina ndi mankhwala otsukira mawindo zimafooketsa pulasitiki ya galasi mpaka kuyamba ming'alu. Kagalasi kakuda ka m'kati, kotsitsa ndi kabatani, n'kothandiza madzulo mukamalowera kumadzulo pa Bulawayo Road dzuwa lili m'maso, koma sikanapangidwe kuti katchinge mwala. Galasi lalikulu likhale lotseka.

M'kati mwa chigoba muli chinthu choyera chija chonga kaylite, pulasitiki yopepuka ija yonga thovu louma. Ndicho chimapulumutsa ubongo: chimaphwanyika kuti mutu usalandire mphamvu yonse, ndipo chikaphwanyika sichibwerera. Choncho helemeti yogwa nayo mutu uli m'kati yatha ntchito, ngakhale kunja ikuwala. Petulo amasungunula kaylite, ndiye lekani kuika helemeti pa thanki pafupi ndi chitsekero pomwetsa mafuta. Kuikoleka pa galasi loonera kumbuyo nakonso kumaboola dzenje pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Opanga ambiri amati muisinthe ikatha zaka zisanu mukuigwiritsa ntchito, ndipo ndi dzuwa lathu la pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuphatikizapo thukuta la mu Okutobala, sindingalimbikitse munthu kupitirira pamenepo. N'chifukwa chakenso sindivomereza kugula yakale ya dzina lalikulu pa kaunjika ku Mbare. Simudziwa inagwa kangati, ndipo zomata za mayina otchuka amamata aliyense. Helemeti ya madola 700 siigulitsidwa 60.

Pomaliza kuwerengera ndalama, ikanipo zosinthira. Galasi lakutsogolo kuno limatha chaka chimodzi kapena ziwiri chifukwa cha mchenga wa malole, ndipo la Neotec 3 silikwana pa C5, ngakhale pa Neotec II. Poitanitsa helemeti, itanitsirani limodzi galasi lina loyera, Pinlock wina ndi masiponji a masaya, kuti ndalama yotumizira ndi msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho muno mu Zimbabwe, mulipire kamodzi. Ngati zonsezi zikupitirira thumba lanu, kapena ntchito yanu ndi yoperekera katundu m'tauni pa njinga yaing'ono ya 125cc, gulani yotseka yonse yatsopano yokhala ndi 06 ndi P pa lamba, yokukwanani bwino, ndipo ndalama yotsalayo igule jekete ndi magolovesi.