Gulu la maliro si bwalo lotsatsira nyimbo

Ndakwiya, ndipo lero sindibisa mawu.

Sabata yathayi ambuya athu anatisiya kumudzi ku Chadiza. Monga tikuchitira masiku ano, tinatsegula gulu pa WhatsApp kuti achibale a ku Lusaka, a ku Kitwe ndi a ku Lilongwe azidziwa pamene zinthu zafika: bokosi lagulidwa kapena ayi, ufa ndi nkhuni zikwana kodi, chipepeso chitumizidwe pa nambala ya ndani, galimoto yonyamula anthu inyamuka nthawi yanji kuchokera ku Kapata muno m'Chipata. Anthu akulemba misozi ili m'maso. Amalume akuchonderera kuti wina awonjezereko ya mafuta. Pakati pa zonsezi, mnyamata wina, wachibale wa kutali amene sanapondeko ngakhale pa siwa, waponya linki. Moni palibe. Pepani palibe. Linki yokhayokha, tizithunzi ta moto, ndi mawu akuti nyimbo yanga yatsopano yatuluka, tsitsani, gawirani anzanu.

Pa gulu la maliro, abale anga!

Woyang'anira gulu anaifufuta mwakachetechete, posafuna kumuchititsa manyazi. Mnyamatayo anaiponyanso. Kaya anaganiza kuti netiweki ndiyo yameza uthenga wake, kaya.

Tsono ndikulankhula ndi inu nonse oimba achinyamata a kuno kummawa, a ku Kapata, a ku Mchini, a ku Navutika, a ku Magazine, mpaka Katete, Petauke ndi Lundazi. Kuponya linki si kutsatsa nyimbo. Mumve bwino. Kumwaza linki paliponse pamene mwaona anthu asonkhana si kutsatsa, ndi mwano. Intaneti yakupatsani njira yaulere yofikira anthu, inde, koma sinakupatseni chilolezo chotilowera popanda odi.

Wina asathamangire kunena kuti ndili ndi nsanje kapena kuti sindikonda za kwathu. Nyimbo za ana a kuno ndimazikonda, ndimaziika pa Status yanga, ndipo woimba akabwera kudzaimba m'tauni muno ndimalipira pakhomo. N'chifukwa chake zikundiwawa. Ndikudziwa kuti situdiyo imadya ndalama, ntchito kulibe, ndipo palibe anakukhazikani pansi n'kukuphunzitsani zimenezi. Tamva. Koma moni sagula.

Akuluakulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Foni yanga ndi nyumba yanga. Gulu la banja lathu ndi nyumba ya eni. Gulu la kwaya ya mpingo, gulu la amayi a chilimba, gulu la alimi amene akudikira uthenga wa feteleza, gulu la makolo a kusukulu, zonsezi ndi nyumba za eni ake, ndipo aliyense analowamo ndi cholinga chake. Iwe walowa ndi mbewa zako, wakoleza moto pakati pa chipinda, utsi wadzaza, kenako ukudabwa kuti bwanji anthu sakukuombera m'manja.

Ndipo si pa WhatsApp pokha. Munthu walemba pa Facebook kuti mwana wake wagonekedwa m'chipatala, mutipempherere. Anthu akumulimbikitsa. Pansi pake wina wabwera: mverani nyimbo yanga. Mayi walengeza kuti wabereka, pansi pake linki. Tsamba la nkhani lalemba za ngozi ya pa Great East Road, anthu akufunsa mayina a ovulala ali njenjenje, pansi pake linki. Ena amatikoka mayina anthu makumimakumi pa chithunzi chimodzi, foni n'kumangolira tsiku lonse ngati pali chachikulu chachitika. Ena amabwera pakati pa usiku, munthu amene sunalankhulepo naye chibadwire, osanena n'komwe kuti ndi ndani, wangotaya linki n'kuthawa. Mawa lake abweranso kudzafunsa kuti bwanji simunagawe. Ndigawe chiyani? Ndiwe yani?

Mukuganiza kuti timachita chiyani tikaona zotere? Ndikuuzeni poyera. Timakutsekani pakamwa. Timakutsekerani kunja. Ena amakudandaulirani kwa eni WhatsApp, ndipo nambala ikadandauliridwa ndi anthu ambiri kuti ikumwaza mauthenga osafunika, amatha kuitseka. Dzina lanu timalikumbukira, inde, koma timalikumbukira ngati la munthu wosokoneza. Tsiku limene mudzatulutse nyimbo yabwinodi, tidzaona dzinalo n'kudutsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mukudzipha nokha osadziwa. Spotify, malo a pa intaneti omvererapo nyimbo amene amalipira oimba, inafika kuno ku Zambia mu 2021. Kumeneko munthu akatsegula nyimbo n'kuitseka masekondi 30 asanakwane, siwerengedwa kuti yamvedwa. Ndipo kuyambira 2024, nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 silandira ngakhale ngwee. Tsono munthu amene mwamukakamiza, watsegula ali wokwiya, wamva masekondi ochepa, watseka, wakupatsani chiyani? Palibe. Ku YouTube ndi ku TikTok n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa: makina awo amayang'ana ngati anthu akukhalitsa pa kanema kapena akuthawa. Anthu akamatsegula n'kuthawa, makinawo amaona kuti kanemayu sakoka anthu, n'kusiya kumuonetsa kwa ena. Ndiye kuti linki imene mwaiponya kwa anthu osaifuna yakwirira nyimbo yanu yomwe. Munalipira situdiyo, munagona ndi njala, kenako mwaikumbira dzenje ndi manja anu.

Anthu khumi amene akufunadi kumva aposa chikwi chimene mwachikoka ndi chingwe pakhosi. Anthu khumiwo amamva mpaka kumapeto, amabwereza, amaimba posamba, amaika pa Status popanda kuwapempha.

Taonani mmene WhatsApp yeniyeniyo anaipangira. Status yanu imaonedwa ndi anthu amene anasunga nambala yanu ndipo inunso munasunga yawo, ndipo imakhala maola 24. Mndandanda wotumizira uthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi umalola anthu 256, koma uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Mu 2023 anabweretsa ma Channel, kumene munthu amalowa yekha mwa kufuna kwake. Zonsezi zikukuuzani chinthu chimodzi: munthu ayambe wakulandirani. Ngakhale makina akudziwa kuti pamafunika odi. Inu ndiye mwakanika?

Ndipo njira zaulemu zilipo, zaulere ndithu, kungoti zimafuna miyendo ndi pakamwa. Ikani nyimbo pa Audiomack, salipiritsa ndipo mumaika nokha popanda kudzera kwa munthu wina. Ikani pa YouTube, ngakhale ndi chithunzi chimodzi chooneka bwino. Dulani pamene nyimbo yakoma kwambiri, pamene ngakhale mwana angaimbe nawo, muike pa Status ndi pa TikTok. Musatiyambitse ndi kachigawo kotchula dzina lanu, la wojambula, la anzanu onse a m'komboni, theka la mphindi latha nyimbo isanayambe. Bandulo ndi yodula, magetsi akuzimazima, munthu watchaja foni kwa aneba, ndiye muzimudyera nthawi ndi mayina? Tiuzeni nyimbo ikunena chiyani. Ya chikondi? Ya mlimi amene soya wake wagulidwa motchipa? Ya mayi amene amadzuka m'bandakucha kukagula tomato woti akagulitse? Tipatseni chifukwa chotsegulira. Tizithunzi ta moto si chifukwa.

Mukafuna kutumizira munthu payekha, yambani ngati mwana woleredwa. Mwaswera bwanji amalume, ndine mwana wa auje wa ku Mchini, ndaimba nyimbo yonena za anyamata onyamula anthu pa njinga, mukapeza mpata mumvereko, mundiuze pamene ndalakwitsa. Basi. Kodi zimenezi zimadya ngwee zingati? Munthu wotere ndimamumvera, ngakhale nyimbo ikhale yosapsa, ndipo ndimamuyankha. Akandiyankhanso mwaulemu, ndimamusunga nambala. Mwaona? Walowa, ndipo walowera pakhomo. Gulu lililonse lili ndi woyang'anira. Mufunseni kaye. Akakana, wakana, si mdani wanu. Safunsa anadya phula.

Ndiponso intaneti si kumwamba kokha, imayambira pansi pano. Pitani kwa anyamata amene amaika nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi ku Kapata ndi ku Saturday Market, muwapatse moni, muwasiyire nyimbo. Pitani kwa ometa tsitsi amene sipika yawo imalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Lankhulani ndi oyendetsa mabasi a ku Katete, a ku Lundazi, a ku Mfuwe, ndi a matakisi a ku Mwami. Munthu akamva nyimbo m'basi n'kuikonda, ndi iye amene adzakufunefuneni pa Facebook, osati inu kumuthamangitsa. Muno m'Chipata muli Breeze FM, muli Radio Maria kwa inu oimba zauzimu. Sambani, valani bwino, pitani ndi nyimbo yojambulidwa bwino, mukadzionetse nkhope. Akaiimba pa wailesi, jambulani kachigawo, muike pa tsamba lanu, muthokoze. Kumeneko ndiye kutsatsa. Kumafuna thukuta ndi ulemu, osati chala chimodzi chongodina n'kumwaza.

Komanso tili pamalo abwino kuposa mmene timaganizira. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita opitirira 500, pamene Lilongwe sipakwana ngakhale 200. Chilankhulo chimene mukuimbachi akuchimva ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dedza, mpaka ku Tete. Mwezi wa Ogasiti Achewa a m'mayiko atatu, Zambia, Malawi ndi Mozambique, amasonkhana ku Mkaika ku Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwezi wa Febuluwale khamu limadzaza ku Mtenguleni pa Nc'wala ya Angoni a Mpezeni. Anthu amenewa ali ndi mafoni m'manja, ndipo akabwerera kwawo amabwerera ndi zimene amva. Pezani woimba mnzanu wa kutsidya kwa malire, muimbe limodzi, iye akuonetseni kwa anthu ake, inu mumuonetse kwa anu. Koma nakonso ulemu womwewo. Simungangofika pa mwambo wa eni n'kuyamba kujambula kanema wanu patsogolo pa gule popanda kupempha akuluakulu. Kumenekonso kuli eni ake.

Ndiye musandiuze kuti mulibe njira ina. Njira zilipo zambirimbiri, kungoti mwasankha yaulesi. Kumwaza linki m'magulu makumi awiri kumatha mphindi zochepa, munthu n'kugona akudziona ngati wagwira ntchito. Sunagwire ntchito, mphwanga. Wakwiyitsa anthu mazanamazana pa nthawi imodzi, basi. Ndipo mukadzalemba pa Facebook kuti anthu a kummawa sakonda zakwawo, amangokweza a ku Lusaka ndi a ku Nigeria, mudzayambe mwadzifunsa kuti munatilowera bwanji. Sitikana nyimbo zanu. Tikukana mwano. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timadziwa, n'chifukwa chake tikukudzudzulani m'malo mongokutsekerani kunja mwakachetechete monga achitira ena.

Ena mwa inu mukaona kuti palibe akutsegula, mumathamangira kwa anthu a pa intaneti amene amalonjeza kukugulitsani oonera. Mwatumiza ndalama ya mayi anu ya mtedza, mawa kanema ali ndi oonera zikwizikwi, koma pansi pake ndemanga ziwiri, nazonso za chilankhulo chimene simuchidziwa. Mukunamiza ndani? Mukaitana anthu ku holo kudzabwera ndani? Manambala ogula savina, sagula tikiti, saitana munthu kukaimba pa ukwati. Ndipo Spotify ikazindikira kuti omvera ndi abodza, imatha kuichotsa nyimboyo. Ndi matenda omwewo: kufuna khamu popanda kupatsa moni munthu mmodzi.

Ndipo pamene ndayamba kale kulankhula, ndimalize ndi ichi chimene chimandinyansa tsiku ndi tsiku. Inu amene mumatumiza nyimbo yopanda dzina. Yafika m'foni mwanga yalembedwa AUD, manambala a tsiku, WA0007. Mutu palibe, dzina la woimba palibe, chithunzi palibe, nambala palibe. M'nyimbomo munatchula anzanu onse koma pa fayilo simunalembe kanthu. Mwina nyimboyo ndi yokoma, yadutsa m'mafoni ambirimbiri, yafika mpaka ku Nyimba, anthu akuvina, koma palibe akudziwa mwini wake. Wina akaitenga n'kunena kuti ndi yake mudzalira kwa yani, pamene ngakhale ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, simunapondeko kukailembetsa? Lembani dzina lanu ndi mutu wa nyimbo pa fayilo, muitumize ngati Document kuti dzinalo lisafufutike. N'zaulere zimenezonso! Foni yanga yadzaza ndi ma AUD osadziwika mwini, malo atha, ndipo usiku uno ndifufuta onse.