Kompyuta ya mamolekyulu sinabwere, koma a Ratner sindingawatche olephera

Ndikamacheza ndi anzanga za akatswiri a sayansi, pamakhala wina wofunsa kuti, "Nanga munthuyo wapanga chiyani chimene tingachigwire m'manja?" Funsoli si loipa ayi. Kungoti lero ndikufuna tiliyese pa munthu mmodzi, Pulofesa Mark Ratner a ku Northwestern University ku America. Mukawaika pa sikelo imeneyi apepuka ndithu, ndipo ine ndikuti yolakwa ndi sikeloyo.

A Ratner anabadwa mu 1942 ku Cleveland. Digiri yoyamba anatenga ku Harvard, ya udokotala ku Northwestern mu 1969. Ali mphunzitsi wachinyamata ku New York University anakumana ndi a Arieh Aviram, amene ankagwira ntchito ku IBM kwinaku akuchita maphunziro a udokotala. Mu 1974 awiriwa anatulutsa pepala la masamba ochepa chabe m'magazini ya Chemical Physics Letters. Zimene ananena n'zakuti molekyulu imodzi yokha, kagulu ka maatomu ochepa ogwirana, ingathe kugwira ntchito ya diode, kachipangizo kaja kamene kamalola magetsi kupita mbali imodzi koma n'kuwakaniza kubwerera.

Molekyulu yawoyo anaiganizira m'zigawo zitatu. Mbali ina ndi yopatsa, imataya mosavuta maelekitironi, tinthu timene timanyamula magetsi. Mbali inayo ndi yaumbombo, imangofuna kulandira. Pakati anaikapo kamlatho kouma kosalola kuti ziwirizi zisakanikirane. Mukalumikiza magetsi mwanjira ina maelekitironi awoloka, mukatembenuza mawaya aima. Ganizo lonse ndi lomwelo, ndipo limandisangalatsabe chifukwa mwana wa sekondale angalimve.

Tsono taganizani nthawi yake. Intel 4004, kachipangizo ka kompyuta ka mu 1971, kanali ndi matiranzisita, timasiwichi ting'onoting'ono ta magetsi, 2,300 okha. Molekyulu yotere kutalika kwake ndi mananomita ochepa, ndipo m'milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Panalibe chida chilichonse padziko chimene chikanagwira kanthu kakang'ono chonchi n'kukalumikiza ku mawaya. A Aviram ndi a Ratner anangowerengera papepala. Pepalalo linakhala zaka zambiri lisakutchulidwa kawirikawiri, mpaka maikulosikopu ya mtundu watsopano, imene Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer anapanga ku IBM ya ku Zurich mu 1981, inayamba kuonetsa maatomu limodzilimodzi. Kunafika 1997 pamene Mark Reed wa ku Yale ndi James Tour anayeza magetsi odutsa mu kamolekyulu ka benzene kogwidwa pakati pa tinsonga tiwiri ta golide, ndipo chaka chomwecho gulu la Robert Metzger ku University of Alabama linaonetsa mamolekyulu olola magetsi mbali imodzi. Zaka 23 zinali zitadutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi.

Zitatero anthu anatengeka mopitirira. Mu 2001 magazini ya Science inasankha timawaya ndi tizipangizo ta mamolekyulu kukhala chinthu chachikulu cha chakacho, ndalama za kafukufuku zinakhamukira komweko, ndipo ena ankalankhula ngati silikoni, amene amapangira tizipangizo ta makompyuta, wayamba kale kutsanzika. Nthawi imeneyi ndi yomwe kunatchuka mnyamata wina wa ku Bell Labs, Jan Hendrik Schön, amene ankatulutsa mapepala motsatizana mu Science ndi Nature, ena onena kuti wapanga tiranzisita ya molekyulu imodzi. Chinali chikomekome cha nkhuyu. Akatswiri anzake anaona kuti zithunzi za zotsatira zake zikufanana m'mapepala osiyana, mpaka timizere tokhotakhota timene sitingabwereze mwangozi. Mu 2002 komiti yofufuza inapeza kuti zambiri anangopeka, ndipo anachotsedwa ntchito. Ndikutchula nkhaniyi dala, chifukwa pali sikelo ina imene mayunivesite amaikonda, yowerenga kuchuluka kwa mapepala ndi kutchuka kwa magazini. Pa sikelo imeneyo, mu 2001 Schön anali chimphona.

Ndisabise, otsutsa ali ndi mfundo. Silikoni sanatsanzike. Apple M1, kachipangizo ka kompyuta ka mu 2020, kali ndi matiranzisita mabiliyoni 16, ndipo palibe foni kapena kompyuta m'sitolo imene ubongo wake ndi mamolekyulu olumikizidwa imodziimodzi. Vuto lalikulu lili pamene molekyulu imakhudzana ndi chitsulo. Atomu imodzi ya golide ikangosuntha, magetsi odutsa amasintha, moti molekyulu yomweyo lero ikupatsani nambala iyi, mawa ina. Nanga mabiliyoni a tinthu totere mungatiyale bwanji m'malo mwake, n'kukhala zaka zisanu osawonongeka ndi kutentha? Ku kampani ya HP anayesa ndithu kupanga masiwichi a mamolekyulu, kenako n'kuzindikira kuti chimene chinkatsegula ndi kutseka magetsi m'zipangizo zawo zina si molekyulu ayi, koma kadzimbiri ka titaniyamu ka pa waya. Kuchokera pamenepo ndi pomwe analengeza za memristor, kachipangizo kokumbukira magetsi amene adutsamo, mu 2008. Anapita kukasaka china, n'kubwerako ndi china.

Nanga bwanji ndikukanabe kuti a Ratner analephera? Chifukwa 1974 isanafike, anthu a kemisitiri ankaphunzira za maelekitironi m'botolo lodzaza mamolekyulu osawerengeka, n'kumangoona khalidwe la gulu lonse. Pepala lija linakakamiza anthu kufunsa za molekyulu imodzi payokha. A Ratner sanathawe funso lawo litavuta. Atabwerera ku Northwestern mu 1975 anakhala pomwepo zaka makumimakumi, ndipo m'ma 1990, pamodzi ndi a Vladimiro Mujica ndi ena, analemba masamu ofotokoza mmene elekitironi imawolokera waya wa molekyulu. Oyeza m'malabotale anapeza poyambira pomasulira manambala awo. Nawo oyezawo anaphunzira kudzichepetsa: mu 2003 gulu la Nongjian Tao ku Arizona State University linaonetsa njira yolumikiza ndi kudula kangapo masauzande, kuti yankho lichokere ku unyinji wa miyezo osati ku tsiku limodzi lamwayi.

Ndipo zimene zatulukamo n'zodabwitsa. Tengani mphete ya benzene, ya maatomu a kaboni 6. Mukalumikiza mawaya pa ngodya ziwiri zoyang'anizana, magetsi amadutsa bwino. Sunthani waya mmodzi ndi atomu imodzi yokha, magetsi amatsika kwambiri, chifukwa elekitironi imayenda ngati funde ndipo mafunde ake amafafanizana okha m'kati mwa mpheteyo. Waya wa kopa sangachite zimenezi. Ine ndikamaganiza kuti anthu akutha kuyeza zotere pa kanthu kamodzi kosaoneka ndi maso, sindimva kuti zaka 50 zapita pachabe.

Komanso tisawapatse ulemu umene si wawo. Ndaonapo ena akulemba ngati masikirini a OLED a m'mafoni athu anachokera ku pepala la 1974. Ayi. Imeneyo ndi nthambi ina, ya Ching Tang ndi Steven Van Slyke a ku Kodak mu 1987, ndipo imagwiritsa ntchito mamolekyulu ambirimbiri oyalidwa ngati utoto. A Ratner, amene analandira mphoto ya Feynman ya sayansi ya tinthu ting'onoting'ono mu 2001, safunika kuwakongoletsa ndi nthenga za eni.

Diode ya molekyulu imodzi yogwira bwino ntchito inaonekadi. Mu 2015 gulu la a Latha Venkataraman ku Columbia University linapanga ina imene inkalola magetsi mbali imodzi kuposa inayo maulendo oposa 200. Chondiseketsa n'chakuti molekyulu yawo inali yofanana mbali zonse ziwiri, yopanda wopatsa ndi waumbombo uja. Kusiyanako anakuika m'mawaya, wina wamkulu wina wamng'ono, ndi m'madzi amchere amene anamizamo zonsezo. Sizinali monga a Aviram ndi a Ratner anajambulira zaka 41 m'mbuyomo, koma funso limene ankayankha linali lomwe lija.