Mphwanga akufuna kukhala PewDiePie wa ku Mufakose

Lamulungu lapitali ndinaitanidwa ku Mufakose, kuno ku Harare, kwa achemwali anga kuti ndikaweruze mlandu monga malume. Woimbidwa mlandu anali mphwanga wa zaka 16 amene ali Fomu 4. Wauza mayi ake kuti akalemba mayeso a Fomu 4, za A Level ayi, iye akufuna azijambula mavidiyo akusewera magemu n'kumaika pa YouTube. Achemwali anangoti kakasi. Agogo ake, amene ndi mayi athu, anafunsa kuti kodi YouTube-yo ndi kampani ya kuti, nanga malipiro amalandirira ku ofesi iti.

Mnyamatayo anabwera atakonzekera, mboni yake PewDiePie, mzungu amene anatchuka posewera magemu pa YouTube. "Sekuru, ameneyu anasiya yunivesite koma lero ndi mpondamatiki." Amanditchula sekuru mwa Chishona, zoti amalume zinathera pa ife. Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni m'tauni, ndipo mzungu ameneyu ndinayamba kumuonera mphwangayo asanayambe n'sukulu yomwe. Ndiye ndati ndinene maganizo anga pano, poti ndikudziwa kuti mlandu umenewu uli m'makomo ambiri, ku Mbare, ku Dzivarasekwa, ku Highfield konse.

Dzina lake lenileni ndi Felix Kjellberg, wa ku Gothenburg m'dziko la Sweden, wobadwa mu 1989. Tchanelo chake anatsegula mu 2010 akuphunzira pa yunivesite ya Chalmers. Mu 2011 anasiyadi sukulu, apa mphwanga sananame. Chimene anachidumpha n'chakuti mwiniwakeyo anadzanena pambuyo pake kuti anasiya chifukwa maphunzirowo sankamusangalatsa, osati chifukwa cha YouTube, ndiponso kuti atasiya ankagulitsa ma hot dog kuti apeze ya thumba. Mpondamatiki wathuyu anayambira pa kauntala, akupaka anthu sosi pa buledi.

Ndipo sikuti anali katswiri pa magemu. Izi ndi zimene ana athu saziona. Amene anaonerako mavidiyo ake akale a Amnesia: The Dark Descent akudziwa: gemu yoopsa, mumdima, iye kumangokuwa ngati waponda njoka, kuthawira kolakwika, kucheza ndi mipando ndi migolo ya m'gemumo ngati anthu. Anthu sankabwera kudzaphunzira kusewera. Ankabwera kudzaseka munthu wamantha amene sachita nawo manyazi mantha akewo. Ankawatchula omuonera kuti ma bro, pomaliza n'kugunda chibakera pa kamera ngati moni. Zopusa, eti? Koma mwana amene ali yekha m'chipinda ankamva ngati ali ndi mnzake. Mu 2012 omutsatira anakwana 1 miliyoni, mu Ogasiti 2013 tchanelo chake chinaposa china chilichonse pa YouTube, ndipo mu 2016 magazini ya Time inamuika m'gulu la anthu 100 amphamvu pa dziko. Zaka zonsezo ankatulutsa vidiyo pafupifupi tsiku lililonse. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma mphwanga amene amalephera kutsuka mbale masiku awiri otsatizana akuona ngati ndi tchuthi.

Ndinamukumbutsanso za 2017. Nthabwala zake zonyoza Ayuda zitatulutsidwa ndi nyuzipepala ya Wall Street Journal, kampani ya Maker Studios ya Disney inathetsa naye mgwirizano, YouTube nayo inaimitsa pulogalamu yake ya Scare PewDiePie. Chaka chomwecho anatulutsanso mawu otukwana anthu akuda ali pa laivi, kenako n'kupepesa. Mawu amenewo amanena ife, ndipo sindinaiwale. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndiye pa intaneti mlomowo amaujambula n'kuusunga. Anadzukanso, inde. Mpikisano wake ndi T-Series, kampani ya nyimbo ya ku India, unagwedeza YouTube mu 2018 ndi 2019, ndipo ngakhale Amwenyewo ndi amene anayamba kufika pa owatsatira 100 miliyoni, iye anafikapo mu Ogasiti 2019, munthu woyamba kutero payekha osati kampani. MrBeast, wa pa YouTube wina wa ku America, anadzamupitirira mu 2022, chaka chimene Felix anasamukira ku Japan ndi mkazi wake Marzia. Pano amajambula akafuna.

Tsono tibwerere ku Mufakose. Felix ankajambula ku Sweden, kumene intaneti ili ngati madzi a pampopi ndipo magetsi saganiziridwa n'komwe. Ife tikukumbuka 2019, madzi atatsika ku Kariba, magetsi akuzima maola 18 pa tsiku, anthu akusita zovala pakati pa usiku. Vidiyo imodzi ya gemu kuti ikwere bwino imadya bandulo imene mayi ake amagwiritsa ntchito sabata yonse pa WhatsApp. Ndipo YouTube siyamba kugawana nawe ndalama za otsatsa malonda usanapeze okutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Ukafikapo umalandira magawo 55 pa 100 alionse, koma ndalamazo zimatengera kumene okuonerawo ali. Wotsatsa malonda amalipira zambiri kuti aonedwe ndi wa ku America kusiyana ndi wa ku Glen View kwathu kuno. Izi ndinazinena zonse, achemwali akugwedezera mutu, akuona ngati malume agamula mowakomera.

Koma ine sindikuti asiye. Apa ndi pamene tinasiyana ndi achemwali.

Ndinamuuza kuti andionetse zimene wajambula kale. Mavidiyo asanu ndi awiri, akusewera mpira wa FIFA pa PlayStation ya mnzake. Asanu ndi limodzi akulankhula Chingerezi cha m'mphuno, "what's up guys", mawu obwereka, nkhope yobwereka, kukuwa kobwereka kwa IShowSpeed, mnyamata wa ku America wotchuka pa YouTube. Ndinaonera ndi chisoni. Ana otere alipo mamiliyoni, ndipo ambiri ali ndi makamera abwino kuposa foni yong'aluka galasi imene ndinamukonzera ine. Koma ya nambala seveni anaiwala kuti akujambula. Mnzake anamumwetsa chigoli mphindi yomaliza, mnyamata n'kuyamba kulalatira goloboyi wake m'Chishona cha ku Mufakose chosakaniza ndi Chichewa cha agogo ake, "iwe chitsiru, manja ngati mphika wobooka!" Chakumbuyo kukumveka mayi athu akufunsa kuti walowa ndani m'nyumba, nanga akumenyedwa ndani. Ndinaseka mpaka misozi. Achemwali amene anabwera ndi mkwiyo anatembenukira kukhoma kuti tisaone mano.

Chimene Felix anagulitsa ndi chimenecho: munthu weniweni amene sungamupeze kwina. Wina anditsutsa kuti iyeyo anasiya Chiswidishi n'kumalankhula Chingerezi, ndipo n'zoona, ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni a ku Sweden sakanafika kumene anafika. Koma iye analowa m'munda muli tchire, mu 2010. Lero munda wa Chingerezi unalimidwa mpaka m'malire. Umene uli gonera ndi wathuwu. Ku Malawi kokha kuli anthu oposa 20 miliyoni, onjezani Chipata ndi Lusaka, onjezani Tete, onjezani ife a kuno ndi a ku Joni. Mundiuze, ndi angati amene mukuwadziwa akusewera magemu n'kumalalata m'Chichewa? Ndalama zake zingachepe, sindikukana. Koma bola kukhala woyamba kwanu kusiyana ndi kukhala wa nambala 2 miliyoni kwa eni ake.

Palinso china chimene chinandikhudza, mwina n'chifukwa chake ndalemba zonsezi. Agogo athu aamuna anabwera kuno kuchokera ku Dedza pa nthawi ya Mthandizi, kudzagwira ntchito m'mafamu. Ife tinakula tikutchedwa mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi, tikubisa Chichewa pa geti la sukulu ngati nsalu yong'ambika. Malamulo a dziko lino la Zimbabwe a 2013 anachiika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, koma papepala si pakamwa. Ana athu amachimva pa maliro, ku tchalitchi cha CCAP ndi ku dambwe basi. Ndiye kumva mwana wobadwira ku Harare, atapsa mtima zenizeni, Chichewa chikutuluka chokha osachiitana, ine zinandigwira pamtima kuposa ma 100 miliyoni a Felix.

Chigamulo changa chinali chotere. Mayeso a Novembala alembe, ndipo A Level apite, chifukwa ngakhale mboni yakeyo inafika kaye pa yunivesite isanatope. Loweruka lililonse azibwera kushopu kwanga, kuli sola ndi Wi-Fi, azikweza vidiyo imodzi. Akayamba "what's up guys" ndimuzimitsira rauta. Achemwali sanakondwe kwenikweni, akuti ndikumulekerera. Mayi athu okha ndi amene anafunsa funso la nzeru: ngati mawu awo akumveka m'vidiyomo, gawo lawo ndi ndalama zingati?