Oyilo wokhuthala si mankhwala a chilichonse pa track

Nkhani ya oyiloyi yandikwana abale. Munthu wangolowa pa track (bwalo lothamangitsirapo magalimoto) kamodzi, wazungulira ka 5, basi wasanduka mphunzitsi, akuti thirani oyilo wokhuthala wa 10W-60 muona zodabwitsa. Ayi ndithu, ine ndakana.

Manambala ajawa ambiri timangowatchula osawamva. Yakutsogolo ija ya W ikunena mmene oyilo amayendera injini ikazizira, pa track ilibe ntchito kwenikweni. Yachiwiriyo, kaya 30 kaya 40 kaya 60, ikunena kukhuthala kwake ndipo amayeza pa 100°C. Koma galimoto ukaiponda mphindi 20 osapumira oyilo amadutsa pamenepo, 120, 130 mwinanso kuposa, ndiye amapyapyala kutsala pang'ono kukhala madzi. Ine yomwe ndimafufuza ndi HTHS, nambala inanso ya kukhuthala, iyi amayeza pa 150°C oyilo akufinyidwa ngati mmene zimakhalira mu bearing. Oyilo wa 20 HTHS yake imayambira pa 2.6, wa 30 pa 2.9, koma alipo ma 5W-30 ena a ACEA (miyezo ya oyilo ya ku Ulaya) A3/B4 kapena C3 omwe satsika pa 3.5. Ndiye zigubu ziwiri zonse zolembedwa 5W-30 zitha kusiyana kutalitali, pa botolo kutsogolo simungaone.

Inde BMW inkathira 10W-60 mu M3 ya E46, Chevrolet nayo pa Corvette C7 inkati pamsewu 5W-30, pa track 15W-50, ukamaliza ubwezeremo wapamsewu uja. Choncho kukweza grade, kutanthauza nambala ya kukhuthala ija, si tchimo ayi. Chomwe chimandinyasa nkukopera za injini ya mnzako. Injini zatsopanozi mipata ya ma bearing ndi yaing'ono, VVT (yosintha nthawi yomwe ma valve amatseguka) imadalira oyilo yemweyo kuti isunthe, iwe nkuthiramo chinthu chonga phula, pampu ikuvutika, oyilo akuchedwa kuzungulira, komanso wokhuthalayo amadzipangira yekha kutentha ndipo mphamvu ina imathera pomukankha.

Ineyo zinandionekera. Panali kona ina yayitali, ndikalowamo singano ya pulesha ya oyilo inkangoti gwaa pansi, ndikawongola nkubwereranso ngati palibe chachitika. Mtima phaa phaa. Ndinathamangira kugula wokhuthala, kukhetsa wabwinobwino yemwe anali asanayende nkomwe, kubwerera pa kona yomweyo singano gwaa. Kani oyilo ankathawira mbali imodzi ya sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini), paipi yokoka ija nkumayamwa mpweya. Mpweya ulibe grade anthuni. Chinathandiza ndi baffle, chotchinga choletsa oyilo kuthawira mbali imodzi mu sampu, ndi kuonetsetsa kuti pa dipstick pali pa full ndisanalowe.

Ndiye ukandifunsa kuti ndithire uti, ine ndikufunsa kaye ngati uli ndi geji ya kutentha kwa oyilo ndi ya pulesha. Ya madzi ija siikuuza zonse, madzi atha kukhala bwinobwino oyilo akupsa. Ngati oyilo akudutsa 130°C ulendo uliwonse, ndalamazo gula oil cooler yoziziritsa oyilo, osati grade 60. Ngati kutentha kuli bwino koma pulesha ikutsika chakumapeto kwa ulendo pa rpm (liwiro lomwe injini ikuzungulira) yapamwamba, apo kwera sitepe imodzi, kuchoka pa 30 kupita pa 40, nkuyesanso. Amakaniko akale ankati pulesha ya 10 psi pa 1000 rpm iliyonse, si lamulo lolembedwa pamwala koma poyambira nkwabwino.

China chomwe anthu amazemba chifukwa chimawawa mthumba, oyilo amatopa. Mu injini za turbo za direct injection (zopopera petulo mwachindunji mu silinda) petulo amatsikira mu sampu nkumusungunula, komanso zokhuthalitsa zomwe amaikamo zimaduka akamenyedwa kwambiri, moti 40 wako uja pakatha masiku awiri atatu a track atha kukhala akusewera ngati 30. Wanga ndimanunkhiza pa dipstick ndikafika, akamveka petulo ndimakhetsa tsiku lomwelo ndi fyuluta yomwe.