Liwiro tiziliwerenga pa sekondi

Mawu oti "pa ola" amatigoneka tulo. Ola ndi nthawi yaitali, choncho munthu akamva kuti galimoto ikuyenda makilomita 100 pa ola, mtima wake sugunda n'komwe, amangoti ndi nambala ya pachikwangwani cha m'mbali mwa msewu. Chonsecho ngozi imachitika m'kuphethira kwa diso.

Mu 2009 ku Berlin, Usain Bolt anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58, ndipo mpaka lero palibe amene wamupitirira. Mukawerengetsa bwino, liwiro lake pa mtunda wonsewo linali makilomita osakwana 38 pa ola, ndipo pamene miyendo inafika pachimake linali cha m'ma 44. Tonse tinagwira pakamwa. Koma munthu yemweyo amene ankakuwa poonera Bolt, akakwera galimoto n'kuona kamuvi kali pa 50, amadandaula kuti tikukwawa ngati kamba. Amaiwala kuti wakhala m'chitsulo cholemera kuposa tani imodzi, chimene chikuthamanga kuposa munthu waliwiro kwambiri padziko lonse.

Masamu ake ndi osavuta: tengani makilomita pa ola, muwagawe ndi 3.6, mupeza mamita pa sekondi. Pa 50 mukudutsa mamita pafupifupi 14 sekondi iliyonse. Pa 100 ndi pafupifupi 28. Ndiye dalaivala amene watsitsa maso pa foni kwa masekondi awiri okha ali pa 100, wayenda mamita opitirira 55 asakuona kutsogolo. Umenewo ndi mtunda woposa theka la bwalo la mpira. Mwana akatulukira pamsewu m'kati mwa mtundawo, mwendo wa dalaivala umakhala usanafike n'komwe pa buleki.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mabulekiyi. Ambiri amaganiza kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira nawo umawirikiza kawiri. Ayi ndithu, umawirikiza kanayi, chifukwa mphamvu ya chinthu choyenda imakula mochulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo. Nanga phindu la kuthamangako ndi lotani? Pa ulendo wa makilomita 10, woyenda pa 80 amatenga mphindi 7 ndi theka, woyenda pa 100 amatenga mphindi 6. Mphindi imodzi ndi theka basi, imene umaitayanso pofufuza poimika galimoto. Nchifukwa chake ndimagwirizana ndi zimene mayiko anamanga pa msonkhano wa chitetezo cha pamsewu ku Stockholm mu 2020, zoti pamene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi komanso apanjinga, malire azikhala makilomita 30 pa ola.

Ku nkhani za nyengo kuli chisokonezo china. Apanyanja ndi oyendetsa ndege amayeza mphepo m'ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Ku United States amanena mamailosi pa ola, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Namondwe amene amayamba kutchedwa hurricane amakhala ndi mphepo ya ma knot 64, omwe ndi mamailosi 74, omwenso ndi makilomita 119 pa ola. Mphepo ndi imodzimodziyo, manambala atatu. Wina akaona 64 pa intaneti n'kuganiza kuti ndi makilomita, waichepsa mphepoyo pafupifupi ndi theka, ndipo agona m'nyumba imene anayenera kuisamuka. Mphepo nayo ikawirikiza liwiro kawiri, imakankha khoma ndi denga mwamphamvu kanayi.

Ine ndimaona kuti Francis Beaufort anaganiza bwino mu 1805 pamene anakonza muyeso wa mphepo potengera zimene maso akuona. Muyesowu umayambira pa 0 kufika pa 12, ndipo lero umafotokoza ngati utsi ukukwera molunjika, ngati nthambi zikuthyoka, kapena ngati mitengo ikuzuka. Azanyengo akamalengeza, azitchula muyeso umene akugwiritsa ntchito, kenako azitiuza zimene mphepoyo ichite pakhomo. Makilomita 119 pa ola ndi mamita 33 pa sekondi. Mphepo yotero ikachoka pa golo ina ya bwalo la mpira imafika pa inayo m'masekondi atatu ndi pang'ono, Bolt asanafike n'komwe pakati pa bwalo.