Ma neba ndi mvula ya June ku Cape Town

Koma ma neba ena amatopetsa bwanji. Kuno ku Cape Town mvula imagwa nthawi yozizira, June mpaka August, ndi chimphepo chosasula malata, aliyense amadziwa zimenezo. Ndiye chilimwe chonse munthu amangotaya matewera ndi mabotolo mungalande, ukamuuza akuti aaa achimwene musadandaule madzi apeza njira. Eee aipezadi, yolowera mnyumba mwanga! Lero kumwamba kwada wandilawirira kudzabwereka fosholo, matumba a mchenga, mpaka pulasitiki yofolera denga lake, nkumandiuza kuti chaka chino kuzizira kwanyanya ngati ineyo ndafika dzulo. Ine matiresi ndakweza pa makreti, nsapato zonse zanyowa, iye akufunsanso ngati ndili ndi parafini wapadera. Parafini ayi, akayambe watsegula ngalandeyo.