Mwana adzale chinkhupule chake chaka chino

Makolo anzanga a kuno ku Kasungu, mvula yoyamba ikangogwa tonse timathamangira ku fodya, chimanga, soya ndi mtedza. Ana amakhala nafe kumundako, koma ntchito yawo ndi yongotumidwa: nyamula feteleza, kapirikitse mbuzi, bweretsa mbande za ku nazale. Amatopa ndithu, koma palibe mbewu imene angailoze n'kunena kuti iyi ndi yanga. Kusukulu nako, mwana akachedwa kapena akalongolola m'kalasi, nthawi zambiri chilango chake ndi khasu. Ndiye tikudabwa chiyani akamakula akuliona dimba ngati malo a anthu olakwa?

Maganizo anga ndi akuti chaka chino mwana aliyense apatsidwe njere zochepa za chinkhupule, adzale yekha, asamale yekha, ndipo zimene akolole zikhale zake.

Ndasankha chinkhupule dala. Ndi mbewu ya pachibale ndi maungu, nkhaka ndi mavwende, yoyanga, yokonda dzuwa, ndipo siilanda malo a chimanga chifukwa imakwera m'mwamba. Mpanda wa bafa, mphanda za chigafa chakale kapena mtengo wouma wa kuseri kwa nyumba ndi zokwanira. Pafupi ndi bafa ndiye pabwino kwambiri, chifukwa mvula ikadula m'mwezi wa Januwale, monga imachitira kuno ku dothi lathu lamchenga, chinyezi cha madzi osamba chimaisunga. Njere zake ndi zakuda, zaphwatalala, za khungu lolimba. Mwana aziviike m'madzi usiku umodzi, m'mawa akumbe phando, athiremo manyowa a m'khola, adzale. Palibe kuponi, palibe ngongole.

Kuchokera pamenepo mbewuyo imaphunzitsa yokha. Imatulutsa tingwe topiringizika timene timafufuza pogwira, ndipo mwana akazika kamtengo pafupi, pakapita masiku ochepa amapeza katakulungidwa kale. Kenako maluwa achikasu. Apa m'pofunika wamkulu agwade naye pansi, amuonetse kuti maluwawo ndi a mitundu iwiri pa chomera chimodzi: aamuna amene amabwera ambiri pa phesi limodzi n'kuyoyoka, ndi aakazi amene amakhala okhaokha, ali ndi kachipatso kakang'ono kumbuyo kwake. Njuchi ikapanda kutenga mungu kuchokera ku duwa lalimuna kupita ku lalikazi, kachipatso kaja kamafota n'kugwa. Mwana amene wadzionera zimenezi m'mamawa, mame asanaume, sadzafunsanso chifukwa chake timaletsa kupopera mankhwala mwachisawawa kapena kutentha tchire. Phunziro lomwelo amalilemba m'kope la sayansi n'kuliiwala mayeso akatha.

Chinanso chimene ndimachikondera ndi kuchedwa kwake. Chimatenga miyezi inayi kapena kupitirira kuti chikhwime. Chikakhala chanthete chimadyedwa, ndipo ku India ndi ku China ndi ndiwo zodziwika bwino, koma wofuna chosambira ayenera kuugwira mtima mpaka mvula ithe, khungu lisanduke lofiirira, chipepuke, ukachigwedeza njere zizimveka kuti tsetsetse m'katimo. Tsiku losenda ndiye losaiwalika. Khungu limathetheka m'manja, ulusi woyera n'kuonekera, njere zambirimbiri n'kukhuthukira m'lichero. Amachitsuka, kuchiyanika pa thandala, madzulo ake n'kusambira chinthu chimene adachiika yekha m'nthaka. Njere zija amasunga m'botolo louma kudikira dzinja lina, zina n'kugawira anzake. Ana athu azolowera kuona mbewu ikuchokera m'paketi ya kusitolo chaka ndi chaka, moti ena sadziwa n'komwe kuti mlimi angathe kusunga mbewu yake.

Za pulasitiki nazo zikulowa pomwepa. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma yendani m'ngalande za pa boma, kapena pa msika wa Santhe ndi Chamama tsiku la msika likatha, muone zimene mphepo ikuuluza. M'nyumba mwathu momwemo tikusambira timaukonde ta nayiloni, kutsukira mbale ziguduli za matumba a feteleza, ena mpaka kudula neti yotetezera udzudzu. Zikatha ntchito zimakathera kudzala kapena pamoto. Chinkhupule chikatha chimaponyedwa m'dzenje la manyowa, n'kuola, n'kubwerera ku phando la chaka chamawa. Mwana amatha kuutsata ulendo wonsewo ndi maso ake, wopanda womuwerengera mawu akuluakulu a zachilengedwe.

Ndikudziwa ena anena kuti mwana wa mlimi aphunzire mbewu yobweretsa ndalama. Sindikutsutsa. Koma fodya sungamupatse mwana wa Sitandade 3 kuti ayeserepo, ndipo safunikanso kumugwira n'komwe. Chinkhupule chikafa chifukwa waiwala kuthirira, banja siligona ndi njala, ndipo iye waphunzira. Chikabereka zambiri, zotsala akhoza kugulitsa n'kugula makope.

Aphunzitsi athu, mipanda ya sukulu ndi makoma a zimbudzi angokhala mbee. Kalasi iliyonse itapatsidwa chigawo chake, mwana aliyense phando lake lolembedwa dzina, osati monga chilango, mukhoza kuona ana akufika m'mamawa belu lisanalire kudzaona ngati duwa lawo latsegula.

Zoti musamale ndi ziwiri. Mbewuyi ikabereka imalemera, choncho mpanda wa udzu muuchirikize ndi mitengo yolimba usanagwe. Ndipo aliyense akhale ndi chinkhupule chake chosambira, azichiyanika padzuwa akamaliza, chikayamba kuda kapena kununkha achisinthe, chifukwa chikamakhala chonyowa chimasunga tizilombo. Amene muli ndi zouma zolendewera kuseri kwa bafa, musazitenthe pokonza pakhomo. Khuthulani njerezo, mugawire ana a m'mudzi mvula isanagwe.